Laimu pa Ng'anjo ya Makolo

Lachinayi pa 9 Febuluwale 2023, mvula yamphepo inagwa kwa Kaomba kwa maola anayi osalekeza, ndipo ng'anjo ya kumunda kwa Fainala inang'aluka kuyambira kukamwa mpaka pakati.

Ng'anjoyo ndi uvuni wadothi, wamtali kuposa munthu, momwe makolo a Fainala ankasungunuliramo miyala kuti apeze chitsulo cha makasu. Kale inkabisika m'mitengo ya masuku. Yambiri ya mitengoyo inathera ku zigafa za fodya, ng'anjo n'kutsala pamtetete. Ndipo mvula ya masiku ano sigwa ngati kale: imasowa milungu itatu, kenaka n'kubwera yonse tsiku limodzi.

A Mphepo, aphunzitsi amene amachita lendi nyumba yoyandikana ndi ya Fainala, anapita kumundako m'mawa mwake n'kujambula mng'aluwo ndi foni. Iwo ndiwo anamuuza kuti pali bungwe lina lopereka thandizo la ndalama kwa magulu oteteza zinthu zakale ku mvula, mphepo ndi moto. Analembera limodzi kalata. Yankho linati mayi woona za zinthu zakale adzafika pa 2 Malichi.

Kutatsala masiku anayi, Fainala anapita kumaliro ku Mtunthama. Pobwerera, masana a pa 1 Malichi, anadzera kumunda. Ali patali anaona chinthu choyera mbuu pakati pa fodya, pamalo pa ng'anjo paja. Anatula mtolo pansi.

Mwamuna wake, Nelson, anali pomwepo akutsuka chidebe.

"Bambo a Dorika, ichi n'chiyani?"

"Mwaiona eti? Ikuonekera mpaka kumsewu."

"Ndati n'chiyani?"

"Simenti ya khonde ija, ndi laimu pamwamba. Mawa kukubwera mlendo. Si inu nomwe mumazira nyumba alendo akamabwera? Ndiye mlendo wa kuboma adzaone chinthu chong'aluka ngati chidendene changa?"

"Chidendene chanucho bwanji simunachimate simenti? Mwaisandutsa chimbudzi cha pasukulu! Amayi anga anaisiya chomwecho, agogo anaisiya chomwecho. Ng'anjo iyi munaipeza, monga munapezera mundawu!"

Nelson anaponya chidebe. "Mkamwini ndiye alibe pabwino. Ndikakhala pansi, waulesi. Ndikagwira ntchito, ndawononga."



Mayi Tsoka, woona za zinthu zakale uja, anafika nthawi ya 10 koloko panjinga yamoto. Anazungulira ng'anjo kawiri. Anagogoda simenti ndi chala, n'kumvetsera.

"Anachita izi ndani?"

"Ndine, mayi," anatero Nelson, chipewa chili m'manja. "Ndimati mudzaipeze yooneka bwino."

"Sindinabwere kudzaona yooneka bwino, bambo. Ndinabwera kudzaona bala. Mukamapita kuchipatala mumayamba mwapaka chilonda utoto?"

Fainala anatsonya mokweza kuti mwamuna wake amve.

Mayi Tsoka anafotokoza mosakweza mawu, koma nkhope ili gwa. Dothi lakale limamwa madzi n'kuuma lokha. Simenti imatsekera chinyezi mkati, dothi n'kumafumbwa osaoneka. Tsiku limene simentiyo idzayoyoke, idzachoka ndi khungu la ng'anjo.

"Komanso opereka thandizo amafuna umboni," anapitiriza. "Chinawonongeka n'chiyani, liti, ndi chiyani. Ndikawatumizira chithunzi cha chinthu choyera ichi, adzati palibe vuto. Nanga zidutswa zimene zinagwa zili kuti?"

Nelson anayang'ana pansi. "Ndinakwirira nazo dzenje panjira ya ngolo."

"Ngolo!" anakuwa Fainala. "Zoumba makolo anga zikupondedwa ndi ng'ombe!" Misozi inalengeza, koma inali ya mkwiyo. "Ndiye basi, mayi? Tataya zonse?"

"Alipo amene anajambula isanamatidwe?"

A Mphepo anatulutsa foni. Munali zithunzi zisanu ndi chimodzi, chilichonse chili ndi tsiku lake: 10 Febuluwale. Mayi Tsoka anaziyang'ana chimodzichimodzi.

"Izi zikwana. Tsopano mverani bwino. Musaikhudzenso, ngakhale kukanda simentiyo. Mufukule zidutswa zija ndi manja, osati ndi khasu, muziike m'dengu pamalo ouma. Thandizoli sapereka kwa banja limodzi, choncho musankhe komiti ya anthu a m'mudzi muno, amayi ndi abambo, yolemba zimene yagwirizana. Fomu ifike pa 31 Malichi pasanadutse. Koma yankho limatenga miyezi, pamene mvula ikadalipo. Ng'anjoyi ikufunika denga sabata ino."

"Malata tiwapeza kuti?" anafunsa Fainala.

"Sindinanene malata."

Nelson anadzutsa mutu. "Chigafa chingathe?"

"Chomwe mumayanikamo fodya? Chingathe, bola nsanamira zikumbidwe mapazi khumi kuchokera pang'anjo. Pansi apa pakhoza kukhala zina zokwiririka. Ndipo mitengo isachokere m'masuku otsalawa."

"Ndili ndi bulugamu wanga kudimba."

"Uyo ndiye mumuthe," anatero Fainala. "Mwina mungakhozeko chimodzi."

Zigafa ndiye Nelson ankazidziwa. Anamanga chake choyamba asanakwatire. Anasiya fodya wothyola kale kuti asoke ena, iye ndi alamu ake awiri n'kuyamba kukumba maenje. Pa 5 Malichi denga la udzu linali litaima, lotsetsereka mbali ziwiri, ndi ngalande yopatutsa madzi kumtunda kwake. Fainala anakhala masiku awiri chogwada panjira ya ngolo. Anatola zidutswa 43. Zina zinali zitasanduka fumbi.

Mvula inagwanso yamphamvu pa 11 Malichi. M'mawa Fainala anakagwira dothi pansi pa chigafa. Linali louma.

Komiti inasankhidwa kusukulu, anthu asanu ndi awiri, Fainala wapampando, a Mphepo mlembi. Fomu inapita pa 24 Malichi, pamodzi ndi zithunzi ndi kalata yofotokoza za simenti mosabisa. Nelson anasayina kalatayo yekha.

Yankho linafika pa 19 Juni: thandizo lavomerezedwa, la denga la malata, mbande 200 za mitengo yachilengedwe, ndi katswiri wokonza zadothi.

Pamsonkhano wolengeza zimenezi Fainala anaimirira. "Abale, m'dera lino muli ng'anjo zina, muli tchalitchi zakale, muli ng'oma. Mvula ikawononga chinthu chakale, musathamangire kuchikonza. Jambulani, lembani tsiku, sungani zidutswa, tchingani pamwamba, kenaka kauzeni odziwa. Chinthu chakale sachizira ngati nyumba. Chifundo chopanda kufunsa chimawononga kuposa mvula."

"Nanenso ndikuvomereza," anatero Nelson ali kumbuyo. Anthu anaseka. Fainala sanaseke.

Katswiri anabwera pa 16 Okutobala. Laimu anachoka ndi burashi ndi madzi pang'ono, ndipo zidutswa 29 zinabwerera m'malo mwake. Koma atayesa kutsegula simenti pakona imodzi, inachoka ndi dothi lakale lokula ngati chikhatho, ndipo analeka pomwepo. Mbali ya kum'mawa ya ng'anjoyo ikadali yomatidwa mpaka lero, ndipo palibe amene akudziwa mmene dothi lilili kuseri kwake.