Maloto a Esitele pa Siteji ya Kabaza

Esitele anali ndi ana khumi ndi asanu ndi awiri, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anabala yekha. Anali ana a sukulu yake ya mkaka, ija ya chipinda chimodzi kuseri kwa chigayo pa Kamwendo. Kuyambira seveni koloko mpaka hafu leveni ankawaimbitsa a-e-i-o-u, kuwaphikira phala, kuwapukuta mamina ndi kuleretsa ofuna kulumana. Ana akamabwerera kwawo, msana wake unkakhala ngati wa munthu amene wapalira ekala yathunthu. Sukuluyo anaiyamba ndi ana atatu ndi mkeka umodzi zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ndipo kunena zoona analibenso china chimene akanaloza n'kunena kuti n'chake.

Mpumulo wake unali pa foni. Masana akamaliza kusesa, ankakhala pakhonde n'kutsegula nkhani ya zithunzi imene munthu wina wa ku Lilongwe, yemwe palibe ankamudziwa nkhope, ankaika pa intaneti Lachitatu lililonse. Dzina lake linali Otsata Mitambo. M'dziko la m'nkhaniyo mvula sinkapita kwa anthu, anthu ndiwo ankapita kwa mvula. Mudzi uliwonse unali ndi nkhokwe zikuluzikulu zouluka, ndipo mitambo ikaoneka kutali, anthu ankakweramo ndi mbuzi zawo zomwe n'kuyamba kuilondola.

Okonda nkhaniyi pa Kamwendo anali anayi okha, ndipo anali ndi kagulu kawo pa WhatsApp. Panali a Fanuel, mphunzitsi wa Chingerezi ku sekondale, amene sankatha kuwerenga kanthu osakapatsa malikisi. Panali Rashida, wogulitsa zitenje m'shopu ya bambo ake. Panali Vincent wa kabaza, kenaka Esitele. Zimene ankakambirana, munthu wodutsa akanati anthuwa asowa chochita. Sabata ina yonse inatha akutsutsana za komwe anthu a m'nkhokwe zouluka amaika maliro awo, ina inathera pa funso lakuti mbuzi ikagwa kuchokera kumwamba imakhala ya ndani. Esitele ankazikonda zopanda pakezi, chifukwa pamalo ponse pamene ankafika, apa pokha ndi pamene panalibe womulirira kapena womuitana kuti madamu.

Lachitatu lina la mwezi wa Meyi, gawo latsopano litatuluka, a Fanuel anayamba monga mwa nthawi zonse.

"Ndabwerezanso, iyi si nthano," analemba. "Nthano imachitika kalekale ndipo imathera pa phunziro. Iyi ndi ija azungu amati fantase. Dziko lake lili ndi malamulo akeake."

"Ndi sayansi iyi, aphunzitsi," anayankha Vincent. "Nkhokwe zija zikuuluka ndi utsi wa zitsononkho. Simunaione paipi ili kunsi kwake?"

"Amuna inu mumangoona mapaipi," anatero Rashida. "Ndi nkhani ya chikondi basi. Mtsikana woyendetsa nkhokwe uja akwatiwa ndi mnyamata wa mudzi wapansi, mudzandiuza. Koma ndifunse, alipo amene analotapo zimenezi? Ine dzana ndinalota ndikugulitsa zitenje m'mitambo, makasitomala akungogwiragwira osagula."

Pamene funsoli linkafika, n'kuti manja a Esitele ali m'beseni la makapu a phala. Kulemba kunamukanika. Anapukuta chala chimodzi pa chitenje, n'kudina pojambulira mawu, n'kuyankhula akuseka.

"Ine musandiuze. Usiku uliwonse ndimauluka ndi ana anga onse aja. Timanyamukira kuseri kwa chigayo, kudutsa pamwamba pa minda ya mtedza, mpaka kulowa Zambia popanda pasipoti. M'mwambamo ndimangokhalira kuwawerenga kuti wina asagwe. Kukamacha timabwerera, ine kudzuka nditatoperatu ngati ndagwira ntchito masiku awiri."

Sananene kuti akunena za maloto. Akananenerenji, pomwe funso la Rashida linali pamwamba pomwepo, aliyense akuliona? Ndipo malotowo anali enieni. Ankamubwerera kawirikawiri chiyambire nyengo ya mvula, ndipo sanali osangalatsa monga anawanenera. Ankawerenga ana, kufika pa khumi ndi asanu ndi mmodzi, n'kuyambiranso.

Nthawi imeneyo Vincent anali pa siteji, atatsamira njinga yake pansi pa mtengo, kudikira minibasi yochokera ku Lilongwe. Anyamata a kabaza sadziwa kumvera foni pakhutu. Chilichonse chimalira pa sipika, kaya ndi nyimbo, kaya ndi mkazi akukalipa. Vincent anatsegula uthengawo n'kuphulika nako kuseka. Mnzake wina anati aubwereze. Amayi awiri amene ankadikira njinga anasiya kukambirana za mtengo wa mtedza. Mnyamata wina wa kabaza anati, "Tanditumizira ndikamvetse mlamu wako," ndipo Vincent, amene mutu wake unali udakali pa mapaipi, anatumiza. Uthenga unapita wokha, funso la Rashida linatsala.

Lachisanu kunabwera ana khumi ndi anayi. Esitele anati mwina ndi chimfine, poti kunja kunali kutayamba kuzizira. Lolemba kunabwera asanu ndi anayi, ndipo mayi wina amene nthawi zonse ankaima pakhomo n'kucheza anangokankhira mwana mkati, maso ali kumbali. Esitele anati mwina ndi ntchito yokumba mtedza, ana apita kumunda ndi makolo. Nkhani ya munthu imazungulira msika wonse mwini wake asanaimve.

Amene anadzamuuza anali mng'ono wake Madalo, wogulitsa tomato pa msika, mkazi wa pakamwa poti ngakhale oitanira minibasi ankamupatuka. Mwana wa Madalo, Thandiwe, wa zaka zinayi, anali mmodzi wa ana a pa sukuluyo. Madalo anafika masana, duku litapendekeka, akupuma mwawefuwefu.

"Achemwali, mwajambula chiyani pa foni?"

"Chiyani ngati chiyani?"

Madalo anatulutsa foni yake n'kudina. Esitele anamva mawu ake omwe akutuluka, akuseka, akunena kuti usiku uliwonse amauluka ndi ana. Anawamva monga anawamvera anthu ena onse, popanda funso, popanda nkhokwe, popanda zitenje za m'mitambo. Anakhala pansi pa kampando ka ana.

"Akuti mukuphunzitsa ana ufiti," anatero Madalo. "Ndangomenyana kumene ndi mayi wina wa nyemba. Ndamuuza kuti mfiti ndi amake. Mkulu wanga ine ndinagona naye mphasa imodzi zaka makumi awiri, akanakhala wouluka bwenzi ndikudziwa."

Esitele sanalire. Anangomva kutopa kwakukulu, kumene kunabwera pamwamba pa kutopa kwa masiku onse kuja.

Masiku atatu otsatira, ana akaweruka, ankavala nsapato n'kuyenda khomo ndi khomo, foni ili m'manja. Ankaonetsa makolo funso la Rashida ndi mayankho onse, n'kufotokoza kuti panali pa macheza chabe. Ena ankamvetsera mwaulemu, n'kumupatsa madzi akumwa, n'kunena kuti akambirana ndi abambo ake a mwana. Bambo wina, wokonza mawailesi, anafunsa kuti nkhani yakeyo ndi yotani. Esitele anaganiza kuti wapeza womvetsa, ndipo anamutsegulira Otsata Mitambo. Tsoka ilo, gawo limene linatseguka linali lija la nkhokwe ili m'mwamba, ana atasuzumira m'mphepete, mwezi uli kumbuyo kwawo. Bamboyo anayang'ana kwa nthawi yaitali, n'kubweza foniyo ataigwira ndi zala ziwiri.

"Ndiye muli ndi zithunzi zomwe, madamu?"

Kwina anakapeza kuti mlandu watha kale iye kulibe. Mayi wina anali atafunsa mwana wake ngati madamu amawaulutsa, ndipo mwanayo anavomera ndi mutu wonse. Akanakana bwanji, pomwe m'mawa uliwonse ankatambasula manja n'kuthamanga kuzungulira bwalo akulira ngati ndege, madamu ali kutsogolo? Masewera amenewo Esitele anawayamba yekha kuti ana azifunda m'nyengo yozizira. Anayesa kufotokoza zimenezi, koma mayiyo anali atakumbatira kale mwana wake, ndipo m'maso mwake munalibe nkhanza, munali mantha okhaokha. Esitele akanatha kukangana ndi munthu wankhanza. Koma mayi wamanthayu anangomutsanzika n'kumapita.

A Fanuel analemba uthenga wautali wofotokoza kusiyana kwa maloto, nthano ndi nkhani zopeka, wokhala ndi ndime zisanu ndi ziwiri, n'kupempha kuti anthu augawane. Anaugawana atatu okha a m'gulu lomwelo. Rashida anatuluka m'gulumo popanda kutsanzika, kenaka anatumiza uthenga wapadera wakuti bambo ake amuletsa, poti makasitomala ayamba kufunsa ngati nayenso amagulitsadi nsalu kumwamba. Vincent anabwera yekha Lachinayi, akukankha njinga m'malo moikwera, chipewa chili m'manja.

"Asisi, ndalakwa. Ine ndimangoseka basi. Ndawauza onse pa siteji kuti anali maloto."

"Akuti chiyani?"

Vincent anakanda m'mutu. "Akuti nawonso ouluka amati amalota."

Esitele anafuna kumukalipira, anafufuza mkwiyo mumtima mwake, koma anapeza kuti ngakhale umenewo unafuna mphamvu zimene analibe. Madzi akatayika saoleka. Anamuuza kuti apite asataye makasitomala.

Lachisanu kunabwera Thandiwe yekha. Esitele anayala mikeka yonse itatu monga mwa masiku onse, chifukwa manja anali atazolowera. Anaphika phala la mwana mmodzi mu mpoto wa ana khumi ndi asanu ndi awiri, ndipo linapserera pansi. Anaimba naye a-e-i-o-u, mawu awo awiri akumveka pang'ono pansi pa phokoso la chigayo. Thandiwe anafunsa komwe kuli anzake, ndipo Esitele anati ali kumunda. Mwanayo anafuna masewera a ndege. Esitele anati lero ajambule nyumba.

Komabe mumtima mwake munali kachiyembekezo. Sukuluyi inayamba ndi ana atatu. Malinga mwana mmodzi akubwerabe m'mawa uliwonse, anthu odutsa azimva kuti mukuimbidwa, aziona mwanayo akubwerera kwawo ali bwinobwino. Sabata ziwiri, mwezi, wina adzatopa kusunga mwana pakhomo n'kumubweretsanso. Zonse zinatsamira pa kamtsikana aka kamene kanali chigonere pa mkeka, kakujambula denga lokhota.

Madalo anafika hafu leveni, atasenza dengu lopanda kanthu. Analitula n'kukhala pakhonde pafupi ndi mkulu wake, n'kuyamba kutukwana msika wonse mmodzimmodzi, kuyambira mayi wa nyemba mpaka wometa tsitsi. Anati anthu a pano ndi nsanje basi, aona kuti mkazi wopanda mwamuna waimika sukulu yekha. Anati Lamulungu akaimirira m'tchalitchi n'kunena zonse. Esitele ankangomvetsera, ndipo kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo mapewa ake anatsika pang'ono. Chibale ndi fupa, anatero mumtima.

Kenaka Madalo anatola kamtengo n'kuyamba kukanda nako pansi. Atayankhulanso, mawu ake anali aang'ono, osati a pa msika aja.

"Ine ndikudziwa kuti ndi maloto, achemwali. Musandimve molakwika. Kungoti apongozi anga akundivutitsa, ndiye ndimafuna ndikawayankhe bwino." Anasiya kukanda pansi paja. "M'malotomo, Thandi wanga amakhalamo?"

Esitele anayang'ana mng'ono wake. Yankho losavuta linali pafupi, liwu limodzi lokha, ndipo Madalo ankalipempha ndi maso. Koma sabata yonseyi anali atayenda khomo ndi khomo kunena kuti palibe chobisa, ndipo akanati anamize Madalo, ndiye kuti nayenso wavomereza kuti m'malotomo muli choipa.

"Amakhalamo," anatero. "Amakhala pafupi ndi ine. Ndimamugwira dzanja chifukwa ndiye wamng'ono pa onse."

Madalo anagwedeza mutu kangapo, ngati wamva nkhani wamba. Anati inde, n'zomveka, munthu umalota amene umawakonda. Anaimirira n'kukutumula fumbi, n'kuitana mwana wake. Thandiwe anatuluka akuthamanga, pepala lake lili m'manja, n'kuyamba kutsogola panjira monga ankachitira tsiku lililonse.

"Bwera kuno," anatero Madalo.

Anamasula chitenje cha m'chiuno, n'kuwerama, n'kumukweza kumsana mwana amene anasiya kuberekedwa zaka ziwiri zapitazo. Miyendo ya Thandiwe inalendewera mpaka m'mawondo mwa amake. Madalo anamanga mfundo pachifuwa, n'kuikoka, n'kumanganso ina pamwamba pake.

"Lolemba mwina sabwera," anatero akusenza dengu, osatembenuka. "Akutsokomola pang'ono."