Mwana Amene Sanabwerenso Kusikelo

Apulofesa anga sadziwa kuzungulira. Atawerenga lipoti la kafukufuku wanga, ntchito yomaliza kuti ndilandire digiri ya udokotala, anagogoda tsamba lina ndi cholembera.

"Zonse zili bwino, koma lamulo mukulidziwa. Mwana amene sanabwerenso kusikelo, inu osamupeza, timamuika m'gulu la omwalira. Konzani pamenepa, mupereke madzulo ano."

Kafukufuku wanga anali wa ana obadwa masiku asanakwane. Ndinkafuna kudziwa ngati amakula bwino akatuluka m'chipatala. Ambiri ndinawaonanso ndi maso anga, ena onenepa, ena owonda, ndipo ochepa ndinamva kuti anatisiya. Amene anasowa anali mmodzi yekha, uja anamwino ankamutcha Kachala chifukwa cha kuchepa. Mwana ameneyu anasiyapo kupuma ali m'manja mwanga, ine n'kumupopera mpweya mpaka mikono kuchita dzanzi. Ndiye lero ndimuphe ndi cholembera? Zinandiwawa kwambiri.

"Mayesowa mukhoza ndithu, kaya ali moyo kaya ayi," anatero apulofesa.

"Ndiloleni ndikamufunenso kamodzi."

"Kuuma mutu kumeneku kudzapulumutsa anthu kapena kudzakudwalitsani. Pitani."

Foni ya mayi ake a Kachala inali itafa kalekale. Chomwe ndinkadziwa n'chakuti amakhala kuseri kwa malo omatira matayala. Ndinaimbira alamu anga, amuna awo a achemwali, omwe amayendetsa takisi yomwe chitseko chake chimatsekedwa ndi chingwe.

"Alamu, omata matayala m'tauni muno achuluka kuposa matayalawo," anadandaula. "Anthu ophunzira inu, mwana wa eni mukumufuna ngati wanu. Bwanji osangobereka?"

"Yendetsani galimoto, alamu. Pakamwa sipadya mafuta."

Tinafunsa, kufunsanso, dzuwa likutiphika. Pamalo ena mayi wotsuka mbale anatiuza kuti munthuyo anasamuka, koma masana amasoka pakhonde la sitolo ya utoto. Ndinafuna kufunsa za mwana, koma sindinafunse. Ndinkaopa yankho.

Pakhondepo ndinamuzindikira ndili patali. Anali atawerama pamakina, phazi likupalasa. Kumsana kwake kunalibe mwana, pamwendo panalibe, pansi ndinangoona tizidutswa ta nsalu.

Atandiona anaimitsa makina n'kugwira pakamwa.

"Adokotala! Mwabwera kudzandikalipira?"

"Ayi mayi, ndangodzakuonani. Kunyumba ali bwanji... onse?"

Anandiyang'anitsitsa. Anangotukula nsalu yomwe inkalendewera patebulo. Pansi pake, m'beseni loyalidwa zigamba, munali chimwana cha masaya, chikuluma chidendene chake mwakhama.

Ndinakhala pansi pasimenti pomwepo, chovala choyera ndili nacho, misozi ili mbwee.

"Uyu ndi Kachala?"

"Dzina limenelo linatha, adokotala. Pano timangoti Bwana. Akalira, msewu wonse umaima."

"Nanga kusikelo munasiyiranji?"

Anazolika. "Ndinkaopa. Tsiku lomwe ndinabwerako ndinaona mnzanga wa bedi loyandikana nalo akutuluka chimanjamanja. Ndinati ndikalowanso pachipata chija, wanganso anditsalira komweko."

Sindinamudzudzule. Ndinamuuza kuti kusikelo sitilanda ana, ndipo akabwera andipeza ine pakhomo. Anavomera ndi mutu.

Ndinatulutsa sikelo yopachika m'chikwama. Pakhondepo panalibe msomali, choncho alamu anga anaikweza m'mwamba ndi manja awiri, nkhope ili gwaa ngati akunyamula injini.

"Ameneyu ndiye mumati ndi wochepa? Fulumirani, phewa liguluka!"

Bwana sanakondwere nako kulendewera. Anatsegula kukamwa n'kukuwa mpaka mwini sitolo anatuluka kudzaona. Ine ndinawerenga muvi wa sikelo, n'kuimbira apulofesa nthawi yomweyo.

"Ndamupeza. Ali moyo."

"Dokotala salemba zongomva," anatero iwo, mawu ali ouma monga mwa masiku onse. "Umboni uli kuti?"

Ndinayandikitsa foni kukamwa kwa mwanayo. Anakuwa ndi mapapo onse, omwe aja ndinkawapopera mpweya. Nditabweza foni kukhutu kunali zii, mpaka ndinaganiza kuti yaduka. Kenako ndinamva apulofesa akumina.

"Muchotseni kwa omwalirako," anatero. "Ndipo fulumirani, adokotala, ndikukudikirani."