Funso Lachisanu

Katoni yachitatu inabooka kunsi namwino atangoinyamula, mapepala n'kumwazika mpaka pansi pa mabenchi.

"Ndinanena kuti muzikoka, achemwali, osati kunyamula," anatero mlongo wake, makaniko, ali chiimire pakhomo ndi tepi yoyezera m'manja.

"Bwera udzakoke wekha. Kapena manja akowo ndi oyezera makoma basi?"

Panali patapita masiku anayi chiwaikireni bambo awo m'manda. Chipinda cha kuseri kwa nyumba, m'mene malemuwo anaphunzitsiramo anthu akuluakulu Chingerezi ndi Chisipanishi kwa zaka makumi awiri, chinali chikununkhabe choko. Pabolodi panali mndandanda wa aneni umene palibe anaufufuta. Makaniko ankafuna chipindacho chifukwa mainjini ake ankachita dzimbiri panja. Namwino ankafuna kubwerera ku ntchito Lamlungu. Kwa nthawi yoyamba chikulireni anagwirizana chinthu chimodzi: mapepala onse apite mumgolo, aotchedwe.

Mayi awo anakhala pampando pafupi ndi khomo, tiyi atawazizirira m'kapu. 

Pageti panalowa bambo wina wamkulu thupi, chipewa chili m'manja.

"Pepani ndi zovutazi, amayi. Ine ndine dalaivala wa malole, ndinkakhala benchi yakumbuyo iyo. Mayeso athu ndi Loweruka, tilipo asanu ndi awiri. Aphunzitsi anati atipatsa nkhani zomaliza zoyesererapo." Kenako anayang'ana namwino n'kumwetulira ngati wakumana ndi wachibale. "Inu muyenera kuti ndinu a sutikesi yobiriwira."

Namwino anaweramuka. "Mwati chiyani?"

"Nkhani ya nambala 12. Tonse timaidziwa. Ya Chingerezi ndinakhoza, koma ya Chisipanishi inandigwetsa kawiri." Mawu anayamba kumuchepera ataona nkhope ya namwino. "Ndimayesa mukudziwa."

Malemuwo sankagula mabuku a sukulu. Ankati nkhani za m'mabukumo ndi za anthu ongokwera sitima ndi kugula maambulera, munthu sangaphunzire kuwerenga ndi zinthu zopanda magazi. Ankalemba zawo pamanja: kutsogolo kwa pepala Chingerezi, kuseri Chisipanishi, m'munsi mafunso asanu. Zimenezi a m'nyumba ankazidziwa. Zimene zinali m'nkhanizo, palibe anafunsapo.

Namwino anagwada n'kufufuza mpaka anapeza nambala 12. Anayamba kuiwerenga. Mtsikana wina analemba kalata yofunsira ntchito n'kupatsa bambo ake kuti amuonere. Bamboyo anaikopera pabolodi n'kuuza ophunzira ake kuti apeze zolakwika. Anapeza khumi ndi zinayi. Mtsikanayo anali panja pa windo, akuyanika zovala, ndipo anamva kuseka konse. M'mawa mwake anachoka ndi sutikesi yobiriwira. Bamboyo anaima pakhomo, sananene kanthu.

M'munsi munali mafunso. Sutikesi inali ya mtundu wanji? Zolakwika zinali zingati? Lembaninso ndime yachiwiri ngati zidzachitika mawa.

"Zaka zisanu ndi zinayi," anatero namwino. "Foni ayi, kalata ayi. Ndimati mwina akuchita manyazi. Osadziwa kuti kundiika pabolodi kamodzi sikunawakwane, anandikoperanso m'zilankhulo ziwiri."

Makaniko anaseka. "Mwatchuka, achemwali. Anthu mpaka kugwa nanu mayeso."

"Ya nambala 20 ndi ya mwana wamwamuna," anatero dalaivala motsitsa mawu, "amene anagwetsera galimoto ya kasitomala m'ngalande n'kunamizira mabuleki."

Makaniko anapinda tepi yake. "Machesi ali kuti?"

"Ine ndilimo?"

Anali mayi awo. Dalaivala anayang'ana m'chipewa mwake. "Muli m'zambiri, amayi."

"Werenga, iwe. M'chilankhulo chimene ndimamva."

"Amayi, zisiyeni," anatero namwino.

"Ndati werenga. Wa malole akundidziwa, ine mwini wake ndisadzidziwe?"

Namwino anatola pepala la nambala 31 n'kuyamba kumasulira mzere ndi mzere. Mkazi wina anali telala. Mwamuna wake ataleka ntchito, mkaziyo anagulitsa makina ake osokera kuti mwamunayo apeze mabenchi anayi ndi bolodi. Tsiku limene makinawo ankanyamulidwa, mwamunayo anali m'chipinda akusongola mapensulo. Sanatuluke, sanathokoze. Mpaka lero, makina a oyandikana nawo akayamba kulira, iye amatseka windo.

Mayiwo anaika kapu pansi mwamphamvu, tiyi n'kutayikira pa simenti.

"Zaka makumi anayi ndakhala ndi munthu amene mawu ake anali 'madzi atentha?' ndi 'ndapita'. Ndinkamuikira kumbuyo kwa abale anga, ndimvekere musiyeni, Mulungu anamumana pakamwa. Kani pakamwa anali napo, koma pa alendo." Anamenya benchi ndi chikhatho. "Awa ndi makina anga. Anthu akhala akukhalira makina anga n'kumawerenga za ine, kwinaku akundipatsa moni pageti ngati sakudziwa kanthu."

"Sitinkaseka, amayi," anatero dalaivala.

"Ndakufunsani?"

Namwino anali atafungatira kale mulu wa mapepala. Dalaivala anamutsekereza njira pang'ono, osamukhudza.

"Achemwali, ndapota nanu. Ntchito ya kudoko imafuna satifiketi imeneyi. Ndayesa kawiri, ndikagwa kachitatu salolanso. Mukaotcha zonse, Loweruka tikalowa m'mayeso chimanjamanja."

"Mukalephere. Inenso ndinalephera m'chipinda chomwechi, ndipo sindinafe."

"Ndiye musanaotche, muone kaye kabuku ka funso lachisanu."

Namwino anayang'ananso pepala la nambala 12 limene linali pamwamba. Mkwiyo unali utamuimitsa pa funso lachitatu. Lachisanu linkati: N'chifukwa chiyani bamboyo sananene kanthu? Anaona nambala 20, nambala 31. Funso lomwelo.

"Mafunso anayi ankachonga pomwepo, ife tikuona," anatero dalaivala. "Ukaiwala kadontho, wagwa. Koma lachisanu sankachonga. Ankatolera mapepala, n'kukopera mayankho athu m'kabuku kakuda. Tinkadandaula kuti yankho lake mulibe m'nkhani. Iwo ankangoti, kuwerenga kumayambira pomwepo."

Makaniko anakoka dilowa ya tebulo. Kabukuko kanali pansi pa bokosi la choko, chikuto chitafewa ndi thukuta la m'manja. Anapatsa mlongo wake, chifukwa iye Chingerezi chake chinathera pa mayina a masipeyala.

Munali mayankho a anthu ambirimbiri, a zaka zambiri, lililonse ndi deti lake, m'zilembo zowongoka za bambo awo. Namwino ankamasulira mokweza.

"Ankafuna kuti mwana alimbe mtima." Pambali pake panali kamtanda kosonyeza kuti walakwa.

"Anali wotopa ndi ntchito." Kamtanda.

"Ankawakonda chamumtima." Kamtanda, kawiri.

"Pamenepo ndiye bambo anu ananena zoona," anatero mayi awo.

Masamba anapitirira choncho, timitanda tokhatokha. Tsamba lomaliza kulembedwa linali la masabata atatu apitawo. Namwino anamasulira yankho lomaliza.

"Anali wamantha, ndiponso ankadzimva."

Dalaivala anakanda m'mutu. "Langa limenelo. Mundikhululukire. Ndinalemba nditapsa mtima, anali atandibweza kawiri tsiku lomwelo."

Namwino anayang'anitsitsa chiganizocho. Munali zolakwika zitatu, ndipo bambo ake anazikopera momwemo osakonza ngakhale chimodzi. Pambali pake panalibe kamtanda. Panali chizindikiro chokhoza, chimodzi chokha m'kabuku monsemo.

"Ndiye ankadziwa," anatero namwino. "Ankadziwa, koma kuyenda mapazi khumi kuchoka m'chipinda muno kukafika kukhitchini kunawakanika. Anadikira kuti awauze wa malole."

Kwa oyandikana nawo makina osokera anayamba kulira, ndipo onse anayi anayang'ana windo.

"Lisiyeni lotsegula," anatero mayi awo. Kenako analoza mapepala. "Iwe, sankha. Za mvula, za msewu, za kuchipatala, zonse zimene ife mulibe, apatse bambowa akagawane ndi anzawo. Zimene tilimo, ika apa."

"Nanga moto?" anafunsa makaniko, machesi ali m'manja.

"Ndikamva zonse, ndiotcha ndekha, imodziimodzi. Ndipo mainjini akowo aone kwina. Mabenchi ndi anga."

Namwino anakhala pansi n'kuyamba kugawa milu iwiri. Wa dalaivala unali wochepa. Iye anaulandira ndi manja awiri, n'kuthokoza, n'kutuluka chipewa chidakali m'manja.

"Ine sindinawakhululukire," anatero namwino, maso ali pa mapepala.

"Wakupempha ndani? Patse kabukuko. Pali pati pamene anachonga?"

Namwino anawatsegulira tsambalo n'kuwalozera. Mayiwo sankatha kuwerenga ngakhale liwu limodzi pamenepo. Anatembenuza tsambalo n'kuyendetsa chala kuseri kwake, monga telala afufuzira msoko. Pensulo inali itadindidwa mwamphamvu moti chizindikirocho chinatukumuka kuseri, ndipo pamene chinathera, pepala linali litabooka.

Chala chawo chinakhala pa kabowoko kanthawi.

"Yamba nambala wani," anatero. "Pang'onopang'ono. Ndi mafunso omwe."