Msomali m'madzi abuluu

Kalasi ya masana pa sekondale ina kwa Kandeu inkayamba dzuwa litapendeka, ana am'mawa atasiya fumbi ndi makoko a nzimbe. Zelesi, mayi wa ana awiri, ankakhala pa desiki yakumbuyo, m'zikhadabo muli dothi la kumunda wa kachewere. Tsiku limenelo thupi lokha ndilo linali m'kalasi. Mtima unali kunyumba, kumene amalume ake, a Geoffrey, ankadikira yankho. Cosmas, mwamuna amene anamusiya zaka zitatu zapitazo n'kukalowa kwa mkazi wina ku Sharpevale, ankafuna kubwerera. Koma ati abwera pokhapokha Zelesi asiye sukulu, poti mkazi wapabanja sanyamula makope ngati mwana. Abale inu, wopempha n'kumaikanso malamulo!

Aphunzitsi a Bizwell ankalemba pa bolodi mitundu ya mmene makemikolo amasinthira akakumana. Ena amaphatikana n'kukhala chinthu chimodzi. Ena amaphwasuka, chimodzi n'kukhala ziwiri. Ena amayaka. Zelesi ankangoyang'ana fumbi la choko likuyandama m'kuwala kwa pawindo, mpaka bolodi inasanduka mudzi wakwawo. Kuphatikana linali tsiku lija la chinkhoswe, nthungululu zili wirikiti, ankhoswe akugawana nkhuku. Kuyaka inali miyezi yoyamba ija, akupita awiriwiri kudimba n'kubwerako osalima ngakhale mzere umodzi. Anamwetulira yekha. Cosmas uja Zelesi ankamukonda, tisabise, ndipo mpaka pano akamva belu la njinga panjira mtima umadumpha.

"Mtundu wachinayi sindilemba," anatero aphunzitsi. "Muuone ndi maso."

Labu pasukulupo panalibe. Anatulutsa m'chikwama botolo la madzi abuluu, nanena kuti m'menemo muli kopa, mkuwa uja, wosungunuka, kenako anaponyamo msomali watsopano. Posapita nthawi msomali uja unayamba kufiira ngati dothi la pachulu. Anatulutsanso botolo lina limene anaponyamo msomali dzulo lake. Buluu yense anali atatha, madzi atasanduka obiriwira motuwa.

"Chitsulo chili ndi mphamvu kuposa kopa," anapitiriza. "Chafika, chamuchotsa, chakhala pamalo pake. Uku ndiye kulanda malo."

Kalasi inaseka. Zelesi sanaseke. M'botolomo ankaona nyumba yake, mpando wa Cosmas, ndi mkazi wa ku Sharpevale amene nkhope yake sanaionepo. Anazindikira dzanja lake lili kale m'mwamba.

"Aphunzitsi, tikachotsamo msomaliwo, buluu uja abwerera?"

"Ayi, mayi. Madziwa ndi ena tsopano. Ngakhale muwadikire chaka."

Mawuwo anamulasa, ndipo anafunsanso motsitsa: "Nanga wochotsedwa uja amathera kuti?"

A Bizwell anavuula msomali wadzulo, nabwera mpaka kumbuyo. Anaupala ndi kampeni, ufa wofiira n'kugwera m'chikhato cha Zelesi.

"Ndi ameneyu. Ali m'madzi muja simukanamuona n'komwe. Pano waima payekha, kopa weniweni, uja mbava zimamukwerera m'mitengo ya magetsi."

Poweruka Zelesi anayenda pang'onopang'ono m'mphepete mwa minda, maluwa a kachewere ali mbuu, dzanja atafumbata. Mphepo yochokera kumapiri inkamuuza zambiri, zina zokoma, zina zabodza. Analira pang'ono, chifukwa zaka zitatu zonsezi, pansi pa mtima, ankadikira buluu uja.

Anapeza a Geoffrey ali pakhonde, chipewa chili pabondo.

"Wafika, Zelesi? Akwawo kwa Cosmas akudikira. Tikawauze chiyani?"

Zelesi anagwada, nafumbatula dzanja. Ufa uja unali utalowa m'mizere ya chikhato, ukunyezimira ndi thukuta. Amalume anasuzumira osamvetsa.

"Malume, mukawathokoze a Cosmas pondikumbukira," anatero Zelesi. "Koma mawa masana ine ndili ndi kalasi."