Dengu Loyamba pa Chigayo cha a Ezekiele

Amuna anga, a Ezekiele, anali ndi chigayo pa Ligowe, chimodzi chokhacho dera lonselo, antchito atatu. Koma mukanawaona simukanati ndi eni ake. Tsiku lonse mbuu ndi ufa mpaka m'nsidze, akusenzetsa amayi madengu ngati waganyu. Zinkandinyansa, sindibisa.

Chinkandipsetsa mtima koposa chinali ichi. Nyundo za m'chigayo zikatha n'kuikamo zatsopano, ufa woyamba umatuluka wotuwa, wa girisi ndi tizitsulo. Eni zigayo ena amangothiramo chimanga cha amene wafika m'mawa, zake zimenezo. Koma a Ezekiele ayi. Dengu loyamba linkachokera m'nkhokwe mwanga, ufa wake n'kukataya kudzala.

"Chimanga cholima ine, kutsukira makina?" ndinkatero.

"Stelia, zitsulo n'zathu. Azidye mwana wa eni chifukwa chiyani?"

Chaka cha 1978, Lachinayi lina, anamanga nyundo zatsopano m'mawa. Dengu langa lili pakhomo, amayi ali pamzere, kunatulukira a Laimoni, tcheyamani wa chipani, ndi ngolo ya matumba anayi. Loweruka kunali msonkhano, kukubwera alendo a ku boma, ndipo ana asukulu ovina anayenera kudya pomwepo.

"Cha chipani chiyambe," anatero a Laimoni.

A Ezekiele anavula chipewa. "Chiyamba, bambo. Mungondilola nditsuke makina ndi dengu ili, kanthawi kochepa."

"Dengu la yani?"

"Langa."

"Ndiye kuti lanu litsogole, chipani chidikire kumbuyo kwanu, eti?"

Masiku amenewo mawu otere sankayankhidwa. Ine ndinaona pamene tapanikizika. A Ezekiele akathira chathu, anyoza chipani pamaso pa anthu. Akathira cha chipani, ana adya zitsulo, ndipo wina akatsegula m'mimba adzati mwini chigayo anathira dala. Kukana kugaya ndiye kosayamba n'komwe.

Ndinawanong'oneza kuti, "Thirani chawocho, akufuna okha."

Sanandiyang'ane. Gerishon, wantchito woyendetsa makina, bambo wa ana asanu, anali atagwira kale dengu langa mwa chizolowezi. A Ezekiele anamulanda.

"Khala uko, Gerishon. Aliyense aone kuti wathira ndine. Mutu ukakula sulewa nkhonya."

Anathira. Ufa unatuluka wotuwa ngati phulusa. Anatapa m'manja kuti awaonetse a Laimoni, koma iwo anali atayang'ana kumbali, akulemba m'kabuku. Kenaka matumba anayi aja anagayidwa, ufa woyera bwino, a Ezekiele n'kuwakweza okha pangolo.

Msonkhano unachitika, ana anadya, palibe anadwala. Lolemba kunabwera galimoto ya apolisi. Anawatenga a Ezekiele ali ndi ufa m'tsitsi, pachitseko cha chigayo n'kukhomapo loko. Gerishon sanamukhudze.

Ufa wotuwa uja sindinautaye. Ndinaumanga m'kathumba, ndinayenda nawo mpaka ku polisi ya ku Mwanza, ndikuti akauona amvetsa. Palibe mayi wa pamzere uja anavomera kundiperekeza, ndipo sindiwada, nanenso ndikanaopa. Ndinadikira pabenchi masiku awiri. Tsiku lachitatu wapolisi wina wachikulire anandiitana, n'kumasula kathumbako, n'kufikisa ufawo ndi zala.

"Mayi, ufa umene anthu anadya kumsonkhano unali wotere?"

"Ayi, bwana, unali woyera."

"Alipo anadwala?"

"Palibe."

"Nanga vuto linali pati loti chipani chidikire?"

Ndinakwiya mpaka misozi, koma kumeneko sukwiya mokweza. Anandibwezera kathumba kanga, n'kundiuza kuti ndizipita ana akundidikira.

Ndinabwera nako. Amayi a pa Ligowe anabwerera ku mitondo, ena n'kumasenza chimanga mtunda wautali kukagayitsa kwina. Gerishon ankabwera Loweruka lililonse kudzasesa pakhomo pa chigayo chotsekacho, osatumidwa ndi munthu. Tsiku lina anandipeza ndikuanika ufa uja padzuwa kuti usachite nkhungu, n'kundifunsa ngati akautaye kudzala.

Ndinamuuza kuti ausiye. Eni ake akadzabwera adzataya okha.