Tiffany Anapita ku Maliro

A Yakobo anakana tiyi, anakananso kuvula jekete. Anangokhala m'mphepete mwa mpando chipewa chili pabondo, akazi awo a Gladys ali pambali akuyang'ana pansi. Tiyanjana anadziwa kuti alendo okhala motere sabwera ndi zabwino.

"Tamva kuti Loweruka mukukayankhula pamaso pa phungu," anatero a Yakobo, amene anali malume ake a mwamuna wake komanso mkulu wa mpingo. "Akuti mukukanena kuti mwana wanu anabedwa."

"Nanga sanabedwe, amalume?"

"Mayi, bambo angabe mwana wake yemwe? Mwana ali kwawo ku Rumphi, akudya, akukhuta. Inu mukufuna mutiike tonse pambalambanda kuti azungu azitiloza chala pabasi?"

Nkhaniyi inayamba ndi maliro. M'chilimwe cha 2005 bambo ake a Chawanangwa, mwamuna wa Tiyanjana, anamwalira kumudzi. Amalawi a mu Leicester anadzaza kanyumba kawo ka ku Highfields, kuimba nyimbo, kusonkha chipepeso mpaka tikiti inakwana. Banjalo linali litayamba kale kugwedezeka, koma pamaliro ndani amakumba za mkangano? Chawanangwa atapempha kuti apite ndi Tiffany akaone manda a agogo ake poti sukulu inali itatsekera, Tiyanjana sanakane. Iye sakanatha kuyenda, mapepala ake okhalira m'dziko anali asanatuluke. Analongedza yekha chikwama cha mwanayo, nasaina kalata yovomereza ulendo wa masabata awiri.

Masabata awiri aja anasanduka chaka. Pafoni Chawanangwa sanazungulire. "Ndinalowola. Mwanayu ndi wakwathu."

Ku Dedza kwa Tiyanjana ana ndi a kuchikazi. Amalume ake analandira malowolo aja akumwetulira, kuganiza kuti mkamwini wakumpotoyu ndi wopatsa chabe. Palibe anadziwa kuti akugulitsa mdzukulu amene anali asanabadwe n'komwe.

Apolisi a mu Leicester anamulandira Tiyanjana mwaulemu, ulemu wake uja wa kuno wosachotsa njala. Anati mwana ali kutali, ndipo iwo analibe mphamvu yokamutenga. Chimene chinatsala m'manja mwake chinali foni ya Lamlungu. Akaweruka kutchalitchi ankapala khadi yoimbira foni kunja, kuimba, ndi kumva mawu a Tiffany akufunsa m'Chingerezi chake cha mu Leicester kuti adzamutenga liti. Sabata yonse yosambitsa nkhalamba kunyumba yosungirako okalamba inkapiririka chifukwa cha mphindi zochepazo.

"Uthenga wa Chawanangwa ndi uwu," a Yakobo anapitiriza. "Mukakaima kumeneko ndi chithunzi cha mwana, foni ya Lamlungu yatha. Akuti sangalole kuti atchedwe wakuba, kenaka mwana wake n'kumacheza ndi womutukwanayo. Mukafatsa, zinthu zimakonzeka."

"Zikonzeka liti?"

"Mulungu ndiye adziwa."

Potuluka, a Gladys anatsalira ngati akufunafuna sikafu yawo. Amuna awo atafika pageti, anagwira Tiyanjana pamkono.

"Musanditchule," ananong'ona. "Mwezi wamawa akumutumiza ku Mzuzu kwa azakhali ake. Kuli khanda kumeneko, akusowa wolera."

"Tiffany ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, amayi. Nanga sukulu?"

"Akuti sukulu aiona akazolowera."

A Gladys anathamangira amuna awo, kumusiya Tiyanjana pakhomo, mphepo ikulowa m'nyumba.

M'mawa mwake, asanakwere basi ya kuntchito, anadzera pagolosale ya a Mehrunisa pakona. Mayiwa anali Mmwenye wobadwira ku Limbe, ndipo Chichewa chawo chinali chosalala kuposa cha ena obadwira ku Kasungu. Ndiwo anasonkhanitsa makolo olandidwa ana: Azungu, Amwenye, Asomali, onse odwala nthenda imodzi. Ankafuna lamulo loti pabwalo la ndege mwana asamatuluke popanda kufunsa kholo lotsalalo maso ndi maso, ndiponso kuti boma lipangane ndi maiko ena zobweza ana oterewa. Ankakonzanso ulendo wa ku London kuti makolowo akaime pa Nyumba ya Malamulo ndi zithunzi za ana awo.

"Iwe, nkhope imeneyo ukuthamangitsa nayo makasitomala anga," anatero a Mehrunisa. "Chachitika n'chiyani?"

Tiyanjana anafotokoza zonse. A Mehrunisa anasiya kusanja zitini pashelefu.

"Sindikukakamiza, mwana wanga. Ukafuna kukhala pansi Loweruka, khala, palibe adzakuseka. Ine anyamata anga awiri atatengedwa ndinasankha foni. Ndinkaopa kupsetsa mtima bambo wawo. Poyamba inali sabata ndi sabata, kenaka pa Idi pokha. Lero ali ndi ndevu, ndipo akamandiyankha amakhala ngati akuyankha munthu wofuna kuwagulitsa inshuwalansi."

"Ndiye ndikayankhula adzabwera?"

"Ndikunamize? Mwina ayi. Lamulo limayenda ngati basi ya pa Sande. Likadzatuluka mwina lidzapulumutsa ana a anthu ena, osati wako. Koma phungu akamva dzina la mwana pagulu, amalembera ofesi ya kazembe. Nthawi zina kalata yotero imachititsa manyazi anthu mpaka kumusiya mwana kusukulu. Nthawi zina imangowaumitsa mitima."

Tsiku lonse Tiyanjana anagwira ntchito mutu uli kwina. Akudyetsa phala gogo wina woiwalaiwala, ankaona Tiffany atabereka khanda kumbuyo, timiyendo take tikunjenjemera pachitsime. Anachita mantha, ndipo anakwiya. Anakwiyira Chawanangwa, anakwiyira mpingo umene unasonkha tikiti kenaka n'kutseka pakamwa, anadzikwiyiranso yekha polongedza chikwama chija.

Loweruka holo inali yozizira, mipando yambiri yopanda anthu. Phungu anabwera mochedwa, tayi ili pambali. Anayankhula bambo wina wa ku Derby, kenaka mayi wa Chisomali amene analira mpaka kulephera kumaliza. A Mehrunisa sanamuyang'ane Tiyanjana, sanamukodole n'komwe. Iye anangopezeka waimirira, chithunzi cha Tiffany wovala yunifolomu chili m'manja.

"Uyu ndi Tiffany," anatero m'Chingerezi. "Anabadwira mumzinda uno. Bambo wake anapita naye ku maliro ndipo sanabwere naye. Kwathu amati si kuba poti ndi bambo wake. Ine ndikuti anabedwa. Mwezi wamawa akumuchotsa sukulu kuti azikalera mwana wa eni. Andiuza kuti ndikanena zimenezi sindidzamvanso mawu ake. Ndanena."

Mtolankhani wina anajambula. Phungu anamugwira dzanja, nalonjeza kuti alembera kazembe ndipo nkhaniyo akaitula ku Nyumba ya Malamulo. Tsiku sanatchule. Potuluka Tiyanjana anaona mnyamata wa kwaya ya kumpingo kwawo ataima kutsidya kwa msewu, foni ili kukhutu.

Lamlungu kutchalitchi benchi imene anakhalapo inali ndi malo ambiri. Amayi anzake anamupatsa moni wa m'maso, wina aliyense ali pachangu. A Gladys okha ndiwo anamukhudza paphewa podutsa.

Atafika kunyumba sanavule n'komwe nsapato. Anapala khadi ndi ndalama yachitsulo, nadina manambala aatali aja. Foni inaitana nthawi yaitali. Kenaka wina ananyamula. Kumbuyo kunkamveka tambala ndi ana akusewera, ndipo Tiyanjana anatchera khutu kuti mwina atola mawu amodzi pakati pa enawo.

"Ndine mayi ake a Tiffany. Ndimuyankhule, chonde."

Anayankha anali Chawanangwa mwiniwake, modekha ngati akuyankha mlendo.

"Mwalakwitsa nambala, mayi. Kuno kulibe mwana wa dzina limenelo."

Anaimbanso, foni inali itazimitsidwa. Anakhala pamasitepe malaya a kutchalitchi ali m'thupi, nalira kulira kwa pamaliro, manja ali kumutu, mpaka aneba a Chisomali anagogoda khoma. Atatopa anasamba kumaso, natenga jekete, n'kupita pakona paja.

Anapeza a Mehrunisa akusanja zitini pashelefu.

"Makolo aja akupita liti ku London?" anafunsa Tiyanjana.

"Mwezi wamawa."

"Mundisungire malo. Chithunzi chija ndikachikulitse, kuti ndi a kumbuyo omwe adzamuone."