Mapiritsi a Kusikelo M'thumba mwa Bambo

Bambo anga, a Eulogio, akuyenda ndi impso ya mkazi wina. Zoona! Impso zawo zitafooka, amayi ndiwo anali oyamba kuthamanga kuti apereke yawo, koma madokotala anati magazi sakugwirizana. Amene anagwirizana nawo ndi mayi Dioselina, aja okazinga maarepa, zitumbuwa za ufa wa chimanga, pakona pamsewu wathu, amenenso anandinyamula pa ubatizo.

Ndiye chitulukireni bambo m'chipatala, dzina ndi lomwelo basi. Mango akapsa, oyamba apite kwa Dioselina. Nsomba yonona, kwa Dioselina. Ine mwana wawo weniweni ndizingolimbana ndi mutu. Amayi amangoseka cham'mano, koma mbale amatsuka ngati zawalakwira.

Loweruka lina tikuchapa, amayi anapisa m'thumba la buluku la bambo n'kutulutsa kabotolo. Si aja mankhwala amamwa tsiku ndi tsiku oti thupi lisakane impso, ayi. Awa anali achilendo.

"Yurani, uyu ndi foliki asidi," anatero amayi. "Ndinkalandira kusikelo ndili ndi pakati pako. Mwamuna akuyenda naye wachiyani?"

Ine pakamwa panga sipachedwa. Ndinangoti, "Komatu mayi Dioselina anenepa masiku ano. Dzana ndinawaona akudya mango aawisi ndi mchere."

Eee! Amayi sanapukute n'komwe thovu m'manja. Analowa m'nyumba, n'kuunjika zovala zonse za bambo m'chikwama, kenaka ulendo wa pansi pa mtengo pamene bambo amasewera domino ndi anzawo. Ine pambuyo, ndisaphonye.

"Bambo a Yurani! Mnzanu anakupatsani impso, inu mwamubwezera mwana?"



"Nubia, tiye tikalankhule kunyumba," anatero bambo motsitsa.

"Pompano! Mapiritsi awa ndi a ndani?"

"Ndi anga."

"Anu? Muli ndi miyezi ingati?"

Anzawo aja anachita kugwa ndi phwete. A Wilfrido, dazi lili waliwali, anafuula kuti, "Achimwene, akabadwa mudzamutche dzina langa!"

"Mwaona? Ndimabisira zomwezi," anatero bambo, thukuta lili kamukamu. Anafotokoza kuti adokotala anawapeza m'magazi chinthu china chotchedwa homosisiteini chitakwera. Akuti chimakonda kukwera mwa anthu oikidwa impso, ndipo amachikayikira kuti chimaononga mitsempha ya magazi. Ndiye anawalembera mavitamini B kuti chitsike, mmodzi mwa iwo ndi wa azimayi oyembekezerayu. Mtsikana wogulitsa mankhwala atawafunsa kuti mayi ali bwanji ndi pakati, bambo anachita manyazi n'kuyamba kumwa mobisa.

Phokosolo linawapeza mayi Dioselina pachiwaya pawo. Anabwera ufa uli mbuu m'manja.

"Ine pakati? Pa msinkhu wanga uno? Amene sadya mango aawisi muno mu Montería ndani? Yurani, ndiwe eti? Ndinanyamula wailesi pa ubatizo paja!"

Ndinayang'ana nyerere pansi.

Amayi sanapepese. Kabotolo anakaponya m'thumba la epuloni, chikwama chinakhala chimangire pakhomo mpaka Lolemba, pamene anapita okha ndi bambo kukamva pakamwa pa adokotala. Ine anandisiya, koma amayi pobwera anafotokozera achemwali awo ine ndili kuseri kwa chitseko. Akuti adokotala anavomera zonse. Anangoonjezera kuti mapiritsiwo amatsitsadi chinthucho, koma zoti amateteza mtima sangalumbire, ndipo bambo asayerekeze kusiya mankhwala a impso aja.

"Ine ndinkafuna impsoyo ikhale yanga, achemwali," anatero amayi. "Ndinagona pabedi paja kuti anditenge magazi, akuti sindikuyenera. Mkazi wake ine!"

Madzulo anamasula chikwama. Koma kabotolo sanabweze. M'mawa uliwonse amaima pamaso pa bambo, kapu ya madzi kudzanja, piritsi kunsonga kwa zala.

"Yasamulani. Impso ndi ya Dioselina, sindikukana. Koma awa wopereka ndine."

Bambo amayasamula ngati mwana wa mbalame. Nsomba yonona ikupitabe kwa Dioselina, koma tsopano amakapereka ndi amayi, atachotsako nthuli yawo yapakati. Ine mutu womwe uja.